Mbulu wa Dengu

Bweretsani lichero kuno, ana inu, nandoloyu sadzisenda yekha. Iwe Chisomo, pukuta misozi, ukundinyowetsera mkeka. Akuseka amayi a ku Khonjeni, ndiye basi dziko latha? Wavala sikipa yako ya pinki, wanyamula chithunzi cha bere lalikulu ngati dzungu, wakaima pansi pa mtengo kuphunzitsa amayi obereka ana odzaza nyumba mmene angagwirire mawere awo pofufuza khansa, iwe wosakwatiwa n'komwe. Umafuna atani, akuimbire nthungululu? Inenso ndikanaseka. Kungoti ine ndikanati ndamaliza kusekako, ndikanazemba kupita kuseri kwa nyumba kukadzigwira.

Nonsenu mukudziwa kuti pachifuwa panga, mbali ya kumanzereyi, palibe kanthu. Iwe Limbani uli wamng'ono unandifunsa kuti bere linalo lili kuti, ndinakuuza kuti linadyedwa ndi fisi, ndipo unatha nyengo yaitali ukukodza pakhomo kuopa kuthengo. Mlongo wakoyu ndinamuuza kuti ndinabwereka mnzanga wa ku Nchilamwela ndipo sanabweze. Abusa ena ofunsafunsa ndinawauza kuti ndinapereka chakhumi. Lero poti Chisomo walira, ndikuuzani zoona zake, ngakhale sizikoma ngati za fisi zija.

Zaka zanga musandifunse. Mayi anga anandibereka kumsana kuchokera kwa Apwitikizi, kuthawa msonkho ndi chikoti, njanji ya sitima idakali yatsopano, anthu akumathawira kuthengo ikalira. Tinafika kuno ku Thyolo tikulankhula Chilomwe chokhachokha. Mzungu wa esiteti anatipatsa pomanga nyumba ndi polima chinangwa, koma zaulere zinali kuti? Malowo tinkalipira ndi thukuta, ndiye thangata mumamva uja. Ukasiya kugwira ntchito, nyumba yako ankaigwetsa. Ine ndinayamba ndi kuzula udzu m'mizere ya tiyi mano oyamba asanathe kuguluka, ndipo nditatha msinkhu anandipatsa dengu.

Dengu la tiyi si lija mumapita nalo kuchigayo. Linali lalitali, lansungwi, lokhala kumsana, zingwe zake za khonje zikudutsa m'mapewa n'kupingasa pachifuwa. Umatchola masamba awiri ndi kansonga, n'kuponyera kumbuyo osacheuka. Tsamba lokhwima kapitawo sankalifuna. Akalipeza ku sikelo, ankakhuthula dengu lonse pansi kuti usankhe, anzako akupita kwawo. Ndiye zala zathu zinaphunzira kuona. Maso ali pa mnzako mukudya miseche, zala zikudziwa zokha kuti ili n'lanthete, ili n'lokhwima. Tiyiyo ife sitinkamwa. Tinkangoona akumulongedza m'mabokosi kupita ku sitima, ife tikumwa thobwa lathu, ndipo mpaka lero sindinamvetse chimene azungu ankalirira m'madzi owawa aja.

Masiku amenewo bere silinali chinsinsi. Dzuwa likatentha, nsalu ya biriwita tinkaimanga m'chiuno, mawere ali pamtunda, aliyense ndi mtundu wake: oima, ogwa, ena aatali oti mwana akalira kumbuyo umangomuponyera paphewa. Palibe mwamuna ankapunthwa nazo. Chobisa inali ntchafu. Inu mwatembenuza zinthu, mawere mwawatsekera m'makamisolo a waya, ntchafu mwazisiya zizipitidwa mphepo pamsewu. Adona a ku mishoni ndi amene anayamba kutigawira mabulauzi, ati Yesu akuchita manyazi. Ife tinkafunsana chapansipansi kuti Yesuyo ali khanda anayamwa chiyani.

Koma taonani kupusa kwathu. Mawere onsewo anali poyera, komabe panalibe ndi mmodzi yemwe ankaganiza kuti bere lingaphe mwini wake. Mkazi akamva kambulu kolimba m'bere, dzina lake tinali nalo kale: mbulu wa dengu. Tinkati ndi chingwe chija chakhula mpaka magazi aundana, monga mmene khasu limatulutsira matuza m'manja. Ndipo sichinali chamanyazi ayi, chinali chonyadira. Mbulu wa dengu unkasonyeza kuti ndiwe wolimbika, dengu lako limalemera. Mankhwala ake anali kusuntha chingwe, kuthowa ndi nsanza yotentha, ena ankasindikiza ndi mthiko wofunditsa. Ina inkaphwadi, poti mibulu ina ndi ya mkaka, ina imabwera ndi mwezi n'kupita nawo. Inkaphwayo ndi imene inatipusitsa.

Mumzere wathu munali mayi wina, aDorika, Mmang'anja wa konkuno, wamtali, wotchola tiyi ngati ali ndi manja anayi. Ndinkawakonda kwambiri, chifukwa ndi amene anandiphunzitsa Chinyanja, ndipo anayambira zotukwana. Iwowo anali ndi mbulu wa dengu kumanja, ndipo ankayenda nawo mwamatama.

“Tagwira apa, iwe Mwandida,” ankandiuza. “Ukazi ndi umenewu. Wako uli kuti? M'dengu mwako umanyamula nthenga?”

Ndinkagwira, nsanje ikundidya. Ndikunena zoona ana inu, ndinkapemphera kuti nanenso unditulukire.

Mvula inagwa n'kutha, inanso inagwa, mbulu wa aDorika osaphwa. Khungu la bere linachita tiziboowo ngati khoko la lalanje, nsonga inalowa m'kati, kenako panaphulika chilonda. Asing'anga anatema mphini mpaka kusowa potema. A mpingo anapemphera. Ena ankati amuna awo ayenda njira zachilendo, ena ankati walodza ndi mnzawo wansanje ndi madengu awo. Pamene anawatengera kuchipatala cha mishoni, dokotala anangoyang'ana n'kunena kuti abwera mochedwa, apite akagone kwawo. Anamwalira nthawi ya chiperoni, atatha thupi lonse, mano okha ali oyera ngati kale. Ndinalira koposa mmene ndinadzalirira mayi anga, ndipo sindichita manyazi kunena.

Pa maliro amenewo, amayi osambitsa mtembo anathawa fungo. Amene anapinda nsalu yake n'kulowa m'nyumbamo anali Abiti Sumani, Myao, Msilamu, mkazi wa telala wa pa siteshoni. Iwo sankatchola tiyi, ankangobwera kumizere kudzagulitsa mchere ndi usipa, koma kwa Asilamu anzawo ndi amene ankasambitsa maliro a akazi. Anali mayi wamfupi, wonenepa, wa chipini pamphuno, ndipo pakamwa pawo panalibe chitseko.

Loweruka masana tikaweruka, akazi tonse tinkatsikira kumtsinje kukasamba. Mwambo wake unali kutsukana msana ndi mwala, poti msana wonyamula dengu sabata yonse sungautsuke wekha. Loweruka lotsatira maliro, Abiti anatipeza komweko, anakhala pathanthwe n'kutiyang'ana ngati akusankha nkhuku yogula.

“Akazi a tiyi inu ndinu mbuzi,” anayamba choncho, moni osapereka. “Chilonda cha Dorika si choyamba ine kuchisambitsa. Wina anali mkazi wa shehe, chibadwire sanasenzepo ngakhale mtsuko. Dengu lake linali liti? Chinthuchi chimayamba ngati nandolo. Sichipweteka, sichisuntha, sichipita ndi mwezi. Ndinali pomwepo dokotala akulankhula, womasulira anati akanabwera nacho chili chaching'ono akanachichotsa.”

“Ndiye titani, Abiti?” anafunsa mayi wina. “Titaye madengu, atigwetsere nyumba?”

“Ndani wati mutaye? Si mumatsukana misana pano? Wotsuka msana azimalizira ndi kutsogolo. Zala zimene zimadziwa tsamba lokhwima osayang'ana, zingalephere kupeza nandolo m'bere la mnzako?”

Tinaseka, Chisomo, kuposa mmene akusekera iwe lero. Wina anagwera m'madzi ndi phwete. Koma paja wamisala anaona nkhondo, ndipo fungo la m'nyumba mwa aDorika linali lidakali m'mphuno mwathu. Woyamba kukweza mkono anali mayi wokalamba wopanda mano, amene anati kwa iye n'chimodzimodzi, papita zaka zambiri popanda womugwira.

Zinayamba ngati masewera. Tinazitcha kupita ku sikelo, ndipo Abiti tinawapatsa ukapitawo wa mawere. Ukweze mkono, mnzako ayendetse zala zogoneka, osatsina, kuzungulira bere lonse mpaka kukhwapa, kenako linalo. Zimene zili pa chithunzi chako chija, ife tinazipeza tokha ndi madzi a mumtsinje. Kunali kukuwa, kugirigishana, kunyozana. Mkulu wina wa mpingo atamva kuti akazi akugwirana mawere kumtsinje anati limenelo ndi tchimo lalikulu, ndipo anaganiza zokaliona yekha kuti akalalike bwino. Anabisala m'bango, osadziwa kuti wakhala pa linthumbu. Anatuluka akuvina, akuvula buluku yekha, ndipo tsiku limenelo ifenso tinaona zoti tikalalike. Sanatchulenso nkhaniyi paguwa.

Mbiri inafika m'maesiteti ena, akazi akumeneko anayambanso. Sikuti zonse zinkayenda bwino. Mayi wina tinamutumiza kuchipatala wapansi, dzuwa likuswa mtengo, n'kukapezeka kuti ndi mkaka chabe. Anabwerako akutitukwana njira yonse, koma Loweruka linalo anakwezanso mkono.

Ine nthawi imeneyo ndinali pabanja ndi aYohane. Amenewa si agogo anu, dikirani. Ankagwira ntchito m'fakitale yofotetsa masamba, ankavala kabudula ndi masokosi opanda nsapato, ndipo ankadzimva ngati mzungu wotsalira. Tinali titakhala zaka zingapo popanda mwana, apongozi atayamba kale kutsokomola ndikamadutsa. Mawere anga anali oima bwino, ndisaname, ndipo ndinkawasungira mwana amene sankabwerayo.

Loweruka lina anandigwira ndi Abiti eni ake. Ankanena nthabwala ya amuna awo atelala, kenako anangoti zii pakati pa nkhani. Zala zawo zinabwerera pamalo amodzimodzi, kumanzere, chapafupi ndi kukhwapa.

“Kweza bwino mkono, iwe Mwandida.”

“Ndakweza, Abiti.”

“Bweretsa chala chako. Wakamva?”

Ndinakamva. Kanali kolimba ngati nandolo wouma, kosapweteka, kosathawa chala.

“Ndi wa dengu,” ndinatero.

“Ukanenanso mawu amenewo ndikumiza m'madzimu. Tidikira mwezi uno upite. Kakakhalapobe, ulendo.”

Mwezi unapita, kanthu kali pompo. Chimene ndinkapempherera chija chinabwera, ndipo mpaka lero ndimachenjera popempha zinthu kwa Mulungu, chifukwa amamva.

Nditawauza aYohane, anayamba ndi kukoka masokosi awo. “Kuchipatala amadula,” anatero. “Ine ndinakwatira mkazi wa mawere awiri. Akakudulani, mudzapeza ndanyamuka. Ndipo mwana amene mukumufunayo adzayamwa chiyani, nthiti?”

Mawu amenewo anandilowa. Ndinali ndi mantha, ana inu, mantha enieni. Imfa sindinkaiopa kwenikweni, poti inali kutali, kanthuko sikankapweteka n'komwe. Ndinkaopa kusiyidwa, kusekedwa kumtsinje, ndi kufa ndisanayamwitsepo mwana. Ndinkati kuli bwino ndife wathunthu kusiyana ndi kukhala moyo wopunguka. Ulendo woyamba ndinavomera kupita ndi Abiti, koma titafika pamlatho ndinati m'mimba mwandipotokola, ndinalowa patchire n'kutulukira kwathu. Ulendo wina ndinabisala m'munda wa chinangwa mpaka Abiti anatopa kuitana. Atandipeza ndinayesa za Mulungu.

“Abiti, nanga tsiku louka akufa, bere langalo ndidzalipeza kuti?”

“Mulungu amene anaumba awiri angalephere kukusungira limodzi? Iwe ukufuna kukafika kumeneko msanga ndi katundu yense ngati Dorika?”

Komabe sindinapite.

Tsopano mumve za machila, poti inu mumangodziwa kabaza. Machila inali nsalu yolimba yomangirira ku nsungwi yaikulu, mzungu amagona m'menemo, amuna akumusenza pamapewa, akuthamanga, akuimba. Bwana wa pa esiteti yathu anali atagula galimoto, ndipo machila ake anangotayidwa kuseri kwa sitolo. Mmodzi mwa amene ankawasenza kale anali aBotomani, bambo wamfupi, wofatsa, wofedwa mkazi, amene tsopano ankakonza madengu othyoka. Phewa lawo lamanja linali lolimba ngati chikopa cha ng'ombe. Abiti anapita kwa iwowo, ndipo chimene anakambirana ndinachidziwa Lamulungu m'mawa.

Ndinkasesa pakhomo, ndinangoona akazi a mumzere wathu atazungulira nyumba. “Mosheliwa,” anandilonjera mwaulemu, ndipo ndisanayankhe miyendo yanga inali m'mwamba. Anandiponya m'machila, n'kundimanga ndi zingwe za madengu zomwe zija. AYohane anasuzumira pakhomo, anaona nkhope ya Abiti, n'kubwerera m'nyumba.

Chiyambire dziko, mkazi anali asanasenzepo machila. ABotomani ankayenda pambuyo akuwauza kaponyedwe ka mwendo, koma akaziwo ankapita uyu uku, uyu uko. Potsetsereka anandigwetsa, pokwera anandigwetsanso. Anthu opita kutchalitchi ataona machila akubwera ankapatuka, amuna akuvula zipewa, poganiza kuti mukudutsa dona. Akayandikira ankaona mapazi akuda a zikang'a akupalapata kunja, n'kumva dona akutukwana m'Chilomwe ndi m'Chinyanja chimene anandiphunzitsa aDorika. Gogo wina anagwada m'mbali mwa msewu, ndipo ndinamutukwananso.

Tinadutsa minda ya tiyi, tinalowa m'mabulugamu, tinatulukira m'midzi ya nthochi. Kamba wa paulendo anali makaka a chinangwa ndi nyemba za kalongonda. Inu kalongonda mumamunyoza, mumafuna tchipisi, koma ameneyo ukadya m'mawa umafika madzulo osamva njala. Kungoti amafuna kumuphika tsiku lonse ndi kutaya madzi ake, ukachita changu amakuzunguza mutu. Ine tsiku limenelo ndinakana kudya, ndinati sindidya za afiti. Akaziwo anadya gawo langa, n'kusenzanso.

Dzuwa lili pamutu tinafika pakamtunda, denga la chipatala likuoneka patsidya. Abiti analamula kuti anditsitse, ndipo anamasula zingwe ndi manja awo.

“Apa ndiye pomaliza pathu,” anatero. “Sitikulowetsa ngati mbuzi ya kumsika. Njira yobwerera ndi iyi, imadutsa pamanda a Dorika, ukaoneretu malo. Inayo ndi iyo. Bere ndi lako, moyo ndi wako.”

Ndinaimirira. Ndinkafuna kuthawa ndithu. Koma ndinayang'ana anzanga aja, atakhala m'mbali mwa njira akupuma mwawefuwefu. Mapewa awo anali atasupuka ndi nsungwi, ena akutuluka magazi, ndipo m'mawa mwake mapewa omwewo ankayenera kulandira zingwe za madengu. Palibe ndi mmodzi yemwe anali m'bale wanga. Chifundo chinandigwira, manyazi anandigwiranso, ndipo ndinalira mokweza ngati mwana. Ndinamanga nsalu yanga bwinobwino n'kutsika ndi miyendo yanga.

Dokotala anali mzungu wa ubweya m'mphuno ndi manja ozizira ngati chule. Anagwira pomwe anagwira Abiti, anagwira kukhwapa, n'kulankhula ndi womasulira wake. Anati ndi matenda omwe aja, koma akadali pamodzi, ndipo njira yake n'kuchotsa bere lonse. Anafunsa kuti wakapeza ndani kanthu kakang'ono chonchi. Abiti anayankha ali pakhomo kuti kapitawo. Tsiku lake litafika anandiika kansalu konunkha pamphuno, ndinayamba kutukwana, koma sindinamalize. Ndinadzuka ndikusanza, chifuwa chili chomangidwa, mkono wolemera ngati wa munthu wina.

Ndinagona kumeneko nthawi yaitali. Akazi aja ankasinthana kundibweretsera chakudya, ndipo kumunda aliyense ankatapa masamba m'dengu mwake kuthira m'dengu langa, kuti ku sikelo dzina langa lisasowe, nyumba ingagwetsedwe. Kapitawo weniweni ankaona, koma mkazi wake nayenso ankakweza mkono kumtsinje, ndiye ankangoyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Paja amati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Nditabwerera ndinapeza aYohane asunga mawu awo. Ananyamuka kupita ku Halale ndi bulangete lathu ndi mphika wanga wachitsulo. Anatchona konko, ndipo mphikawo ndimaudandaulabe.

Chovuta chinali Loweruka loyamba. Ndinatsikira kumtsinje nditamanga nsalu m'khosi. Nditaimasula, maso onse anatembenukira kwa ine. Chipsera chinali chofiira, chachitali, chonyansa, ndipo ndinkafuna nthaka itseguke. Kenako ndinamva mawu kuchokera pathanthwe paja.

“Wamwayi iwe Mwandida, sikelo yako izitha msanga. Kweza mkono, tione lotsalalo.”

Anthu anaphulika, nanenso ndinaseka misozi ikutsika. Kuyambira tsiku limenelo, mkazi aliyense wopezeka ndi kambulu akayamba zokanakana, ankabwera naye kwa ine kuti aone kuti wodulidwa amadya, amatchola tiyi, amatukwana. Si onse amene anapulumuka, sindikunamizani. Wina tinamupeza msanga ndithu koma anapitabe. Ambiri zinali zotupa wamba. Koma mawu oti mbulu wa dengu anatha pa esiteti yathu.

Chingwe cha dengu chinkandipweteka pachipsera, ndiye aBotomani anandilukira china chodzera pamphumi. Anabwera kudzachiyeza. Mawa lake anabweranso ati chatalika. Mkuja anabweranso ati chafupika. Chingwe chimenecho chinakonzedwa mpaka nandolo anapsa m'munda, ndipo tsiku lina ndinatopa nawo.

“ABotomani, chingwechi chili bwino. Mukufuna chiyani?”

“Ndikufuna banja,” anatero, maso ali pansi.

“Mwandiona bwinobwino? Ndili ndi limodzi. Ndipo mwana sindinaberekepo, akadzabwera adzayamwa chiyani?”

Anakanda m'mutu, anaganiza nthawi yaitali, poti sanali munthu wothamanga pa chilichonse chisiyireni machila. Kenako anafunsa, “Kodi mwana amabadwa ndi pakamwa pangati?”

Amenewo ndiye agogo anu. Ndinakwatiwa nawo chifukwa cha funso limenelo, poti nkhope analibe.

Koma Mulungu amadziwa kuseka, ana inu. Mimba yoyamba ndinabereka mapasa, amalume anu akuluakulu awiri aja. Azamba atawauza, agogo anu anabwera kudzaima pakhomo, ine ndili gone ndi tiana tiwiri tikukuwa.

“Munati pakamwa pangati?” ndinawafunsa.

Anangopita kukatema nkhuni zoti sitinazifune. Anyamatawo ankasinthana, uyu akuyamwa, uyo akulira, ndipo miyezi yoyamba mnzanga wa khanda ankandithandiza. Anakula onse, mukuwaona mimba zawo. Pambuyo pawo anabwera ena, mpaka chitsirizira, amene ndi mayi ako iwe Chisomo. Onsewo anayamwa bere ili, lomwe mukuliona lafota ngati fodya wa chaka chathali. Musaliseke, lagwira ntchito ya awiri.

Sikelo ya kumtsinje inatha yokha. Abiti anamwalira atakalamba, akutukwana osambitsa awo asanayambe n'komwe ntchito. Kenako kunabwera mijigo, aliyense anamanga bafa kuseri kwa nyumba, ndipo mkazi anayamba kusamba yekha, msana wake akuudziwa yekha. Madzi a pamjigo ndi abwino, sindikukana, koma mjigo sukweza munthu mkono. Ndiye mukamabwera ndi masikipa anu a pinki, musamayese mwabweretsa zachilendo. Mwangotola chimene ife tinagwetsa. Ndipo inu muli ndi mwayi, chipatala chili pafupi, sikufunikanso machila. Iwe Limbani usamangoseka, ukadzakwatira manja akowo adzakhale ndi ntchito ina kuwonjezera pa imene ukuiganizayo, ndipo ukadzamva kanthu usadzakoke masokosi.

Manda a aDorika ndinapitako kale miyendo idakali yolimba. Pamwamba pake panamera mabulugamu, moti sindinadziwe pogwada. Anapita ndi mawere awo onse awiri, athunthu, ndipo palibe mdzukulu amene akuwasendera nandolo lero. Ndimawasowabe.

Tsono iwe Chisomo, msonkhano wanu winawo ndi liti? Loweruka? Zakhala bwino, ndi tsiku lake lomwe. Chithunzi cha dzungu chija uchisiye kunyumba. Unditengere ine, undikhazike kutsogolo pansi pa mtengo womwewo. Akayamba kuseka uwasiye aseke mpaka atope, kenako ine ndivula bulauzi, tione amene asekenso. Ukapeze wa kabaza wodziwa kuyenda, osati anyamata othamanga aja, ndipo umuuze kuti m'mabampu azisamala. Latsala limodzi, lina lopereka ndilibe.